Mbalame za ku Chilwa: zimabwera ndi mvula, zimathera mu mphika

Aliyense amene anafikapo pa doko la Kachulu m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, amalidziwa phokoso lake. Kunja kusanayere bwino, abakha a m'tchire amene anthu a kumeneko amawatcha chipweyo amakhala ayamba kale malikhweru awo. Akakowa amadutsa m'mizere ulendo wa kumadambo, ndipo m'kati mwa njedza mumamveka kulira kwa timbalame tosaoneka n'komwe.

Mukabwererenso pamalo omwewo m'mwezi wa Okutobala. Madzi amakhala athawira kutali, mabwato ali gone pamatope ong'aluka, ndipo mbalame zotsala zimakhala zaunjikana pa timadzi tochepa ngati anthu pachigayo.

Kodi mbalame zonse zija zimapita kuti? Zimachokera kuti? Nanga zilipo zingati?

Ena anena kuti awa ndi mafunso a azungu oyenda ndi magalasi oonera patali m'khosi. Koma kwa mayi wa ku Mposa kapena ku Chisi amene ufa wamuthera mu Januwale, kuchuluka kapena kuchepa kwa mbalame ndi nkhani ya ndiwo, sopo ndi fizi ya mwana.

NYANJA YOPANDA POTULUKIRA

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno. Ili pamtunda wa makilomita ngati 30 kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, ndipo yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, komanso malire athu ndi Mozambique. David Livingstone anaiona mu 1859, miyezi ingapo asanafike ku Nyanja ya Malawi.

Chodabwitsa chake n'chakuti madzi amangolowa, satuluka. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, kuphatikizapo Mnembo wochokera ku Mozambique, yonseyi imathira m'nyanjamo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotenga madziwo kupita nawo kwina. Kumpoto kuli chimtunda cha mchenga chimene chinailekanitsa ndi nyanja ya Chiuta, ndipo njanji yopita ku Nayuchi inadutsa pamenepo.

Ndiye madzi a m'Chilwa amachoka ndi dzuwa basi. Ichi n'chifukwa chake amamveka kamchere, makamaka m'chilimwe. Nyanjayi ndi yosazamanso. Malo ambiri mphondo ya bwato imagunda pansi, moti madzi akangotsika pang'ono, dera lalikulu zedi limasanduka mtunda. Akakwera pang'ono, madambo onse ozungulira amamira.

Kupuma kotereku, kufufuma m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe, ndiko kumene kumalamulira moyo wa mbalame.

KALENDALA YA MBALAME

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, mitsinje imayamba kutsitsa madzi kuchokera ku mapiri a Zomba, Mulanje ndi Chikala. Pofika Januwale ndi Febuluwale madambo amakhala adzaza. Udzu umaphuka, tizilombo, achule, nkhono ndi tinsomba timaswana mosaneneka. Apa ndiye kuti phwando lakonzeka.

Abakha a m'tchire ndi atsekwe amamanga zisa muudzu womira. Timbalame tonga nkhuku toyenda pamwamba pa zomera za m'madzi, monga nadititi, timafika mwaunyinji, timaikira mazira ndi kuswa. Mitundu ina ya timbalameti imayendayenda mu Africa momwemuno kutsata mvula: dambo likauma kuno, imakapezeka kwina kumene kwagwa mvula. Chiswankhono, dokowe wakuda wa mlomo wosatsekeka bwino, amasakasaka nkhono m'minda ya mpunga. Avuwo ndi amphipi amalimbirana matemba ndi asodzi, nkhwazi ili pamwamba kuyang'anira.

Nyanja imafika pachimake chakumapeto kwa dzinja, cha m'Malichi ndi Epulo. Kuchokera apo madzi amayamba kubwerera. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ana a mbalame amakhala akula, akuuluka ndi makolo awo. Pofika Sepitembala ndi Okutobala madambo auma, moto wayamba kulusa m'mabango, ndipo mbalame zambiri zabalalika. Zotsala zimasonkhana m'mathiriro a mitsinje.

Apa mpofunika kusamala. Munthu woona chigulu cha mbalame pa thamanda limodzi mu Okutobala atha kuganiza kuti zachuluka. Chonsecho zangosowa kwina kopita. Winanso woona mbalame zochepa mu Febuluwale atha kudandaula kuti zatha, pamene zangomwazikana m'dambo lalikulu ndi kubisala pa mazira. Maso okha amanamiza.

ALENDO OPANDA PASIPOTI

Pali gulu lina limene limafika nthawi yomwe madzi achepa. Kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Novembala, pamatope a m'mbali mwa nyanja pamatera timbalame totuwa ta miyendo yaitali, tothamangathamanga uku tikujompha pansi. Ambiri timangoti ndi mbalame za m'madzi. Koma timbalameti timaswana ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, tina mpaka ku Siberia. Kwawoko kukayamba chisanu, madzi n'kuuma gwa ngati mwala, timanyamuka ulendo wa makilomita zikwizikwi kudzadya kuno. Cha mu Malichi ndi Epulo timabwerera kukaikira mazira.

Adokowe oyera nawo amachokera ku Ulaya. Iwo sakonda kuuluka pamwamba pa nyanja yaikulu chifukwa amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi, ndiye amazungulira nyanja ya Mediterranean: ena amadzera ku Gibraltar, ena ku Turkey ndi Israel n'kulowa mu Africa kudzera ku Egypt. Palinso dokowe wina wamng'ono, wakuda kumsana koma woyera kumimba, amene amaswana kumpoto kwa Africa chakumunsi kwa chipululu cha Sahara, n'kufika kuno pamodzi ndi mvula yoyamba kudzadya ziwala ndi mbozi m'minda.

Kale azungu eni akewo sankadziwa kumene mbalame zawo zinkapita nthawi yachisanu. Ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona pansi pa matope mpaka kutenthe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, kunapezeka dokowe woyera ali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi. Mbalameyo inauluka nawo mkondowo ulendo wonse. Mpaka lero thupi lake likusungidwa pa yunivesite ya Rostock. Tinene kuti mlenje wina wa kuno kwathu ku Africa, amene anagona ndi njala tsiku limenelo dokowe wake atamuthawa, ndiye anaphunzitsa anthu ophunzira a ku Ulaya.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro. Mbalame imene yakodwa pa ulimbo ku Namanja mwina inaswedwa ku Russia. Imene yaomberedwa ku Mediterranean ndi yomwe ikanadzadya ziwala m'munda wa mlimi wa ku Phalombe. Chuma chimenechi n'cha mayiko ambiri.

AMAZIWERENGA BWANJI?

Kuwerenga mbalame za m'madzi pa dziko lonse kunayamba mu 1967, ndipo ku Africa kuno ntchitoyi inakhazikika mu 1991. Bungwe la Wetlands International ndilo limasonkhanitsa ziwerengerozi. Kuno ku Africa amawerenga kawiri pachaka: mu Januwale, pamene alendo a ku Ulaya alipo, ndi mu Julayi, pamene kwatsala eni mudzi okhaokha. Mayiko onse amayesetsa kuwerenga masiku ofanana kuopa kuti bakha mmodzi angawerengedwe ku Zambia sabata ino, sabata yamawa n'kuwerengedwanso ku Malawi.

Owerengawo amaima pamalo omwe anaimapo chaka chatha, kapena kuyenda pabwato njira yomweyo. Gulu likakhala lalikulu sawerenga imodziimodzi. Amayamba awerenga khumi kapena zana, n'kuona kukula kwa kagulu kameneko, kenaka n'kumayeza ndi maso kuti timagulu totere tilipo tingati. Chiwerengero cha chaka chimodzi sichinena zambiri. Phindu lake limaoneka pakapita zaka khumi kapena makumi awiri, pamene munthu angathe kunena kuti mtundu wakutiwakuti ukutsika.

Ku Chilwa ntchitoyi ndi yowawa. Njedza ndi yothinana, yaitali kuposa munthu, ndipo timbalame ngati nadititi sitiuluka wamba. Ofufuza amayenera kuwerenga pa kadera kakang'ono n'kuyerekeza dambo lonse, komanso kuyang'ana zimene alenje agwira. Motero ziwerengero za ku Chilwa ndi zoyerekeza. Komabe ngakhale zoyerekezazo n'zoimitsa mutu: mitundu ya mbalame yoposa 150, mwa iyo yosachepera 30 yochokera ku Ulaya ndi Asia, ndipo pa nyengo yabwino mbalame za m'madzi pafupifupi 1.5 miliyoni.

Pangano la mayiko loteteza madambo, limene linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran, limati dambo lokhala ndi mbalame za m'madzi 20,000 nthawi ndi nthawi, kapena losunga imodzi mwa mbalame 100 zilizonse za mtundu wina, ndi lofunika ku dziko lonse lapansi. Chilwa inapyola muyeso umenewu kutalitali. Panganoli linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 1997, ndipo Chilwa ndiyo inali malo athu oyamba kulembedwa. Dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire linatsatira mu 2017. Mu 2006 bungwe la UNESCO nalo linaika Chilwa m'kaundula wa malo ofunika a zachilengedwe.

Mapepala ndiye tili nawo. Koma mbalame sidziwa kuwerenga.

NDIWO ZA MWEZI WA NJALA

Tsoka la mbalame za ku Chilwa n'lakuti zimachuluka nthawi yomwe nkhokwe zagonekedwa. Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene chimanga chatha, cha m'munda sichinache, ndipo mtengo wake pamsika wakwera. Bambo amene ana ake akulira ndi njala akaona nadititi ikuyenda pa kakombo, saona za Ramsar ayi. Amaona ndiwo.

Kusaka mbalame ku Chilwa sikunayambe lero. Makolo ankatchera misampha ndi ulimbo, n'kupha zokwana pakhomo. Zinthu zinasintha nyanja itauma mu 1995. Usodzi unagwa, ndipo anthu ambiri amene ankadalira matemba, makumba ndi milamba anatembenukira ku mbalame. Msampha unasanduka bizinesi. Mbalame zinayamba kupita m'misika zowamba ndi zokazinga, ndipo a mfuti nawo anayamba kugwetsa abakha ndi atsekwe.

Kafukufuku amene anachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti alenje oposa 450 ankagwira mbalame pafupifupi 1.2 miliyoni pachaka. Wina afunsa kuti zingatheke bwanji kupha 1.2 miliyoni pamalo pamene pali 1.5 miliyoni, mbalame osatheratu chaka chomwecho? Yankho n'lakuti mbalamezi zimaswana kwambiri madzi akakhala ambiri, ndipo zina zimabwera kuchokera kwina kudzalowa m'malo mwa zophedwa. Koma apa mpomwe pagona ngozi. Mlenje amaona ngati mbalame sizikutha, chonsecho akukolola za madambo a mayiko ena. Ndipo popeza kusakaku kumachitika nthawi yoswana, make akakodwa, mazira asanu kapena asanu ndi limodzi amaolera pachisa. Wapha imodzi, wataya banja lonse.

Alenje eni ake anayamba kuliona vutoli. Mu 2001, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Mwayi wa Mbalame. Anapanga makalabu m'midzi yozungulira nyanja, napatula malo ena oswanirana mbalame kuti munthu asatcheremo msampha, ndipo wolakwa ankalipitsidwa. Nzeru yake inali yabwino: amene amadya mbalame ndiye aziyang'anira mbalame. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Koma tonse tikudziwa m'mene zimathera ntchito zambiri zoyamba ndi thandizo la kunja. Galimoto ya pulojekiti ikasiya kubwera, misonkhano imazilala. Ndipo lamulo la kalabu limalimba chaka chimene anthu akolola. Chaka cha njala, ndani angalipitse mbale wake chifukwa cha kambalame?

NYANJA IKAPHWA

Kupatula kusintha kwa miyezi, Chilwa ili ndi kalendala ina yaitali. Pakapita zaka zingapo mvula ikavuta motsatizana, nyanja yonse imauma. Zinachitika mu 1968, zinachitikanso mu 1995. Mu 2012 madzi anatsika koopsa, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma mpaka anthu ankayenda pansi ndi panjinga malo amene kale ankapalasa bwato. Zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi tija, zinangotsala zili khale pamatope.

Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anaiona nyanjayi ikuuma mu 1968 ndi kudzazanso, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Anaonetsa kuti Chilwa ili ndi mphamvu yodzukanso. Nsomba zimabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo, madzi akabwera n'kuswana mwamsanga. Ichi n'chifukwa chake mu 1995 mafumu ndi a zausodzi analimbana ndi mchitidwe wothira katupe m'maiwe amenewa, poti m'menemo ndimo munali mbewu ya nsomba za mawa. Mbalame nazo zimathawira ku Chiuta, ku Malombe, ku Chigwa cha Shire ndi kutsidya kwa malire, n'kudzabwerera. Mvula yamphamvu ya mu 2019, chaka cha namondwe wa Idai, inadzazanso nyanjayi, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023, amene anapha anthu ambiri ku Phalombe ndi Mulanje, anakweza madzi mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete.

Ndiye wina atha kunena kuti palibe chodandaulitsa, nyanja imauma n'kudzazanso. Koma Chilwa ya lero si ya 1968. Anthu ozungulira achuluka kwambiri. Mitengo ya m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala yapita ndi makala, ndipo mvula ikagwa imakokolola dothi n'kukalitaya m'nyanja yosazama kale. Madambo amene mbalame zinkaswaniramo asanduka minda ya mpunga, ndipo madzi a mitsinje amapatutsidwira ku masikimu a Domasi ndi Likangala asanafike kunyanja. Njedza imatenthedwa chaka ndi chaka. Mbalame yothawa chilala ikabwerera imapeza mudzi wake wagawidwa.

A M'TAUNI MUSAONE NGATI ZILI KUTALI

Inu a mu Zomba, mtsinje wa Likangala umadutsa m'tauni mwanu momwemo. Zinyalala za kumsika, mapulasitiki, madzi a m'ngalande ndi zonyansa zina zimene mumataya, ulendo wake umathera ku Chilwa, ndipo poti nyanjayi ilibe potulukira, zimakhala momwemo. Thumba la makala limene mwagula m'mawa uno ndi dothi limene likakwirire nyanja mu Januwale. Matemba amene mumadyera nsima amachokera m'madzi omwewo. Pa zaka zabwino Chilwa yakhala ikupereka pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a nsomba zogwidwa m'dziko muno.

A ku Blantyre ndi Lilongwe nanunso muli ndi tinyanja tanu. Pa damu la Mudi, la Chimwankhunda kapena la Kamuzu ku Malingunde, munthu wodzuka m'mawa atha kuona akakowa, amphipi, anantchengwa ndi abakha. Chiwerengero chawo chimasinthanso ndi nyengo. M'chilimwe, madambo a kumidzi akauma, madamu a m'tauni amasanduka pothawira. M'dzinja mbalame zimabalalika. Damu likadzaza ndi zinyalala, kapena anthu akalima ndi kumanga nyumba mpaka m'mphepete mwa madzi, mbalame ndizo zimayamba kusamuka, anthu tisanayambe kudwala m'mimba. Zimatichenjeza ulere.

Kuwerenga mbalame pa damu sikufuna digiri. Mphunzitsi mmodzi ndi ana a kalabu ya zachilengedwe pasukulu, kope ndi pensulo, Loweruka limodzi mu Januwale ndi lina mu Julayi, chaka ndi chaka osadumphitsa, angathe kusonkhanitsa mbiri imene ngakhale ofesi ya boma ingadzaipemphe.

NANGA TITANI?

Kuletseratu kusaka mbalame ku Chilwa n'kulota. Palibe boma limene lingaike msilikali pa bango lililonse, ndipo munthu wanjala samva lamulo. Chotheka n'choti miyezi yoswana ndi malo oswanira zilemekezedwe, monga m'mene asodzi amatsekera nyanja kuti nsomba ziswane. Mafumu ali ndi mphamvu imeneyi kuposa wina aliyense. Makalabu a alenje apatsidwe mphamvu zenizeni pamaso pa lamulo, ndipo wa mfuti wochokera kutauni asamadutse pamwamba pa malamulo a mudzi chifukwa choti wabwera pa galimoto.

Chachiwiri, njala ya mu Januwale ndiyo msampha waukulu kuposa ulimbo. Banja lokhala ndi chimanga, nkhuku ndi kambuzi silingalowe m'madzi odzaza misundu usiku kukasaka nadititi. Aphungu a madera ozungulira nyanjayi, amene amaidziwa bwino njira ya ku Kachulu nthawi ya kampeni, akanayambira pamenepa.

Chachitatu, kuwerenga kusalekeke. Dziko limene silidziwa kuti mbalame zake zinali zingati chaka chatha silingadziwe kuti zikutha mpaka tsiku limene mlenje adzabwere kunyumba chimanjamanja.

Mwezi wa Novembala ukubwerawu mitambo idzayambanso kuunjikana pa phiri la Zomba. Adokowe adzatera m'minda, timbalame ta ku Siberia tidzakhala tikuthamanga pamatope a ku Kachulu, ndipo chipweyo adzayamba kufunafuna pomanga chisa. Alenje nawo adzakhala akupota zingwe za misampha ndi kuphika ulimbo. Mwana wa mlenje amene ali kumbuyo kwa mayi ake lero adzafunanso ndiwo zomwezi zaka makumi awiri zikubwerazi. Bambo ake akamusiyira zisa zokhala ndi mazira, adzazipeza.